Kakonzedwe ka kanyumba kakang'ono ngati za ku Sweden

Mwafunsa kuti kachipinda kamodzi ndi pabalaza mungakonze bwanji kuti pazioneka ngati nyumba za ku Sweden kapena Denmark zija, aaa sizovuta ayi koma pamafunika mtima osaumira katundu.

Yambani ndi kuchotsa zinthu. Chilichonse chomwe simunachigwire chaka chonse chathachi gulitsani kapena mupatse abale, kabati yodzadza makapu osamwera ija nayo ituluke kaye.

Kenako pentani makoma oyera kapena otuwa pang'ono. Anzathuwa anazolowera zimenezi chifukwa ku Stockholm, likulu la Sweden, mu Disembala kumawala maola pafupifupi 6 okha basi ndiye amafuna kakuwala kalikonse kazizungulira mnyumba, nchifukwa chakenso makatani awo amakhala opyapyala mwinanso osaika nkomwe. Galasi lalikulu loyang'anana ndi windo limapangitsa chipinda kuoneka chotakasuka.

Mipando sankhani ya matabwa owala ngati paini, ya timiyendo towonda kuti pansi pazioneka, vanishi wakuda uja musiyeni. Bedi likhale ndi madilowa kunsi, mashelefu mukhome kukhoma mpaka kumtunda, tebulo lopinda ngati amagulitsa a IKEA aja (kampani ya mipando ya ku Sweden), kalipentala waluso akhoza kukukhomerani mukangomuonetsa chithunzi pafoni.

Pa magetsi ndi pomwe ambiri amaphonya. Babu limodzi lowala mbee pakati pa siling'i ayi ndithu, gulani timababu tiwiri titatu tofiirira ta 2700K (nambala yosonyeza mtundu wa kuwala kwa babu) muike mmakona. Mukatero yalani kakapeti kamodzi kaubweya, bulangete pa sofa, duwa limodzi mumphika, mitundu yonse isapitirire itatu.