Musaunjike feteleza patsinde: muzu umamwa mosankha

Mukawaza mchere pa kabichi wodula kapena pa matimati, pakapita kanthawi m'mbale mumaoneka madzi. Inu simunathiremo madziwo, atuluka m'ndiwo momwemo. Alimi anzanga a m'madimba a ku Chibavi, ku Masasa ndi m'mbali mwa mtsinje wa Lunyangwa kuno ku Mzuzu, zomwezi ndi zimene zimachitikira mbande yanu mukaiunjikira feteleza patsinde penipeni.

Mbewu imamwa kudzera m'timizu tonga ubweya, tija timaduka mukazula mbande ku nazale mosasamala. Kamuzu kalikonse ndi mbali ya selo imodzi yokha, yokutidwa ndi nembanemba yopyapyala zedi. Nembanembayi ili ngati sefa yosankha: madzi amadutsa mosavuta, koma mchere ndi shuga sizingodutsa mwachisawawa. Ndipo madzi amalowera mbali imene kwasungunuka zinthu zambiri. Ana athu a ku sekondale amati osmosis. Nthawi zambiri m'kati mwa muzu mumakhala shuga ndi mchere wambiri kuposa m'madzi a m'dothi, n'chifukwa chake madzi amalowa okha, mbewu osavutikira.

Tsono mukathira Urea kapena NPK pafupi kwambiri, amasungunukira m'timadzi tochepa tozungulira muzu, kunja kwa muzu n'kukhala kowawa kuposa m'kati. Madzi amatembenuka, amayamba kutuluka. Mbande imafota dothi lili lonyowa, masamba n'kupsa m'mphepete. Ambiri amati feteleza ndi wachinyengo, ena amafika poganizira mnansi wa dimba loyandikana nalo. Kawirikawiri vuto limakhala dzanja lowolowa.

Pa chimanga chobzalidwa chimodzichimodzi motalikana masentimita 25, bayani dzenje pakati pa mapando awiri, thirani muyezo umene mlangizi wa dera lanu wakupatsani, ndipo mukwirire. Kukwirira n'kofunika kwambiri pa Urea, chifukwa mukamusiya pamtunda gawo lina la nayitrojeni wake, amene ndi magawo 46 pa 100 aliwonse a fetelezayu, limauluka ngati mpweya. Feteleza wokwera mtengo chonchi si woti nkudyetsa mphepo. Dothi likakhala louma dikirani mvula, ndipo ngati ndi kudimba yambani mwathirira. Zitosi za nkhuku zosaola nazo zimawotcha chimodzimodzi, zisiyeni ziwolerane kaye pa mulu.

Pali china chimene ife a ku Mzuzu chimatikhudza kuposa anzathu a ku Chikwawa. Madzi amalowa okha, koma chakudya chambiri cha mbewu, monga nayitireti, muzu umachita kuchikokera m'kati. Pa nembanemba paja pali timapuloteni togwira ntchito ngati mapampu, ndipo pampu imafuna mphamvu. Mphamvuyo muzu umaipeza popuma mpweya wa okosijeni umene umakhala m'timipata ta dothi. Inde, mizu imapuma. Kuno mvula yathu ndi yambiri ndipo imachedwa kusiya, mpaka mu Epulo imakhala ikugwabe, kotero madimba a m'madambo amakhuta madzi. Timipata tija tikadzaza madzi kwa masiku angapo, mapampu amafooka. Chimanga chimachita chikasu, feteleza ali pomwepo pafupi nacho.

Mlimi akaona chikasucho amathamangira kukagula thumba lina. Musatero msanga. Yambani mwakumba kadzenje ndi khasu pafupi ndi mbewuyo. Madzi akayamba kutsetserekera m'dzenjemo, kapena dothi likamanunkha ngati matope a m'chithaphwi, chofunika ndi ngalande yotulutsa madzi ndi mabedi okwera, osati feteleza wina. Manyowa owolerana bwino amathandizanso, chifukwa amafewetsa dothi n'kusiya timipata todutsa mpweya. Madzi akaphwa, patsani mbewu masiku angapo kuti itulutse timizu tatsopano, kenako ndi pamene mungathire wobereketsa, pang'ono, chapatali ndi tsinde.