Momwe mungaonere puloteni ya KRAS pa foni yanu

Ngati mukuphunzira zaunamwino kapena zaudokotala kuno ku Mangochi, mwina dzina lakuti RAS munalimvapo m'kalasi koma simunaionepo puloteniyo. Mutha kuiona lero lomwe. Mungofunika foni, bandulo yochepa, ndi malo amene netiweki ikugwira bwino.

Musanatsegule intaneti, dziwani chimene mukukasaka. KRAS, imodzi mwa mapuloteni a RAS, ndi kapuloteni kakang'ono ka m'maselo athu, ka m'banja lotchedwa small GTPase. Ntchito yake ili ngati ya siwichi. Ikagwira kamolekyu kotchedwa GTP yayaka, ndipo imauza selo kuti igawikane. Ikaphwanya GTP ija n'kukhala GDP yazima. Jini yake ikasintha pamalo amodzi okha, siwichi imakakamira poyaka, ngati injini ya boti yokana kuzima boti litafika kale padoko. Maselo amangochulukana. Pafupifupi odwala 9 mwa 10 a khansa ya kapamba (pancreas) ali ndi KRAS yosinthika chotere.

Tsopano lembani uniprot.org, ndipo pofufuzira ikani P01116. Imeneyo ndi nambala ya KRAS ya munthu. Tsikani mpaka mupeze mndandanda wa zilembo woyamba ndi MTEYKLVVVGAGGVGKS. Chilembo chilichonse chikuimira amino acid imodzi. Werengani ndi chala mpaka cha nambala 12, mupeza G, yomwe ndi glycine. Ilembeni papepala.

Mukatero pitani pa rcsb.org n'kulemba 6OIM. Tsegulani chithunzi cha 3D, muzichizunguza ndi chala. Pa zilembo za puloteni iyi, pamene paja panali GAGGVGKS pali GACGVGKS. Glycine wachoka, palowa cysteine, ndipo n'chifukwa chake amati G12C. Pa chigawo chimenechi kusiyana kwake n'komweko basi, chilembo chimodzi. Mkatimo muonanso GDP, magnesium, ndi mankhwala otchedwa sotorasib atamatirira pa cysteine uja. Kwa zaka zoposa 30 anthu ankati RAS singagwidwe ndi mankhwala, mpaka mu 2013 pamene gulu la Kevan Shokat ku California linapeza kamphako pafupi ndi malo 12. Dziko la America linavomereza sotorasib mu 2021.

Bwererani patsamba loyamba la 6OIM muwerenge pamene alemba Expression System. Mupeza dzina la Escherichia coli. Apa ndi pamene ambiri amadabwa, chifukwa puloteni ya munthuyi sanaichotse mwa wodwala. Anaipanga ndi mabakiteriya, ndipo ndilo tanthauzo la mawu akuti recombinant. Amatenga jini ya KRAS n'kuilowetsa m'kamkombero ka DNA kotchedwa plasmid, n'kukaika m'mabakiteriya. Akaswana m'botolo, amawathira mankhwala otchedwa IPTG kuti ayambe kupanga puloteniyo mochuluka. Kenaka amawaphwanya. Vuto limakhala kutola KRAS yokha pakati pa mapuloteni ena ambirimbiri. Nthawi zambiri amakhala ataiwonjezera kamchira ka histidine 6, kamene kamakola pa nickel ngati chambo pa mbedza, zina zonse n'kukokoloka. Yotsalayo amaisunga pozizira kwambiri, madigiri 80 pansi pa ziro, ndipo ndi imene amayeserapo mankhwala asanafike kwa nyama kapena munthu.

Mukakhala ndi bandulo yotsala, onaninso 5P21. Imeneyi ndi HRAS, m'bale wake wa KRAS, ili poyaka. Mu 1982 HRAS yosinthika inapezeka m'maselo a khansa ya chikhodzodzo, nayonso itasintha pa nambala 12. Ife a m'mbali mwa nyanja mawu akuti chikhodzodzo amatikumbutsa likodzo, lomwe likakhalitsa osachizidwa limatha kudzetsa khansa. Koma musaphatikize ziwirizi polemba mayeso: maselo a 1982 aja nkhani yawo si ya likodzo.

Chenjezo langa ndi lakuti musatenge chithunzichi ngati yankho la khansa zonse. Sotorasib amagwira G12C yokha, imene imapezeka kwambiri m'khansa ya m'mapapo, ndipo kusintha kwina kwa pamalo 12 kotchedwa G12D, kofala m'khansa ya kapamba, sakukhudza. Khansa ya khomo la chiberekero, imene ikutha amayi ambiri m'Malawi muno, imayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo njira yoipewera ndi katemera wa atsikana ndi kukayezetsa kuchipatala.