Mukaitanidwa kukatumikira parishi ya Anglican ku England

Bambo, musanaganize za sutikesi, yambani mwakhala pansi ndi bishopu wanu. Kaya muli mu dayosizi ya Upper Shire kaya ya Lake Malawi, popanda kalata yake yochitira umboni za khalidwe lanu, kumeneko simukaima paguwa. Dayosizi imene yakuitanani ndi imene imakupempherani chilolezo kwa Akibishopu wa Canterbury kapena wa York, potsatira lamulo la 1967 la ansembe odzozedwa kunja. Sungani bwino makalata a kudzozedwa kwanu, aukidikoni ndi aunsembe omwe. Viza ndi ya Minister of Religion, ndipo mpingo wokuitaniwo uyenera kukuimirirani.

Mukafika, maphunziro a safeguarding (kuteteza ana ndi anthu osatha kudziteteza) ndi kafukufuku wa DBS (wofufuza ngati munapalamulapo mlandu) musazione ngati kukunyozani. Ine poyamba zinandiwawa, munthu wa imvi kufunsidwa mbiri ngati mlendo wokayikitsa. Pambuyo pake ndinamva nkhani za ana amene anavulazidwa m'matchalitchi, ndipo ndinasiya kung'ung'udza.

Chimene chidzakuyeseni kwambiri ndi Lamulungu loyamba. Ndinazolowera tchalitchi chodzaza, amayi a Mothers' Union akuimba mpaka fumbi kobo. Kumeneko ndinapeza nkhalamba zochepa m'nyumba yamiyala yozizira. Musazikalipire chifukwa cha mipando yopanda anthu. Iwowo ndi amene abwera. Ulaliki ukhale wa mphindi 10 kapena 15, muulembe, ndipo muziyankhula pang'onopang'ono kufikira makutu awo atazolowera lilime lanu. Phunzirani Common Worship, mabuku a mapemphero a makono, komanso buku lakale la mapemphero la 1662, pakuti Misa ya m'mawa ambiri amaifuna m'mawu akalewo.

Musasunthe ngakhale kandulo musanafunse ma churchwarden (akuluakulu osamalira tchalitchi) ndi PCC (khonsolo ya parishi). Akhristu adzakutchulani dzina lanu loyamba, ana omwe, si chipongwe. Mudzagwiranso ntchito ndi ansembe aakazi, amene akhala akudzozedwa kuyambira 1994, mwinanso bishopu wanu adzakhala mayi. Nkhani imeneyi muikonze mumtima musanakwere ndege.

Amayi akunyumba muwaganizire koposa. Inu muli ndi maliro ndi misonkhano, iwo amatsala okha m'nyumba, ndipo mu Disembala mdima umagwa cha m'ma 4 koloko. Apezereni anzawo msanga. Ku Birmingham, kumene dayosizi yakhala paubale ndi Malawi kuyambira 1966, simusowa wodziwa kwathu.

Ine usiku wovuta ndinkakumbukira Leonard Kamungu, wansembe wa kwathu kuno amene anachoka kunyanja kukatumikira ku Msoro, ku Zambia ya lero, namwalira komweko mu 1913. Ndikatero ndinkadzuka, n'kukatsegula tchalitchi.