Momwe mungasankhire beseni lodzithandiziramo mphaka kuno ku chigwa cha Shire

Kuno kwathu mphaka ndi wantchito. Mukakolola mapira kapena mpunga n'kusanjikiza matumba m'chipinda, makoswe sachedwa kufika, ndipo amene amawaletsa ndi iyeyu. Koma makoswe amayenda usiku, choncho mphaka ayenera kugona m'nyumba, zitseko zili chitsekere. Nanga akafuna kudzithandiza pakati pa usiku apite kuti?

Amene amakhala nyumba za lendi pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula akulidziwa vutoli. Mphaka akasowa malo amasankha kuseri kwa matumba, pansi pa bedi, kapena mulu wa mchenga womangira nyumba pomwe ana amasewera. Mankhwala ake ndi beseni la mchenga, ndipo simufunika kukwera mapiri a Thabwa kukalifuna ku Blantyre. Lili pamsika pomwepa, kungoti musankhe mwanzeru.

Choyamba, yezani mphakayo

Tengani chingwe muyeze kuyambira pamphuno mpaka pomwe payambira mchira, kenako onjezerani theka la muyezowo. Kumeneko ndiko kutalika kwa beseni loyenera. Mphaka wamkulu amakhala masentimita pafupifupi 45, ndiye beseni lifike 65 kapena 70. Pitani nacho chingwecho kumsika, musadalire maso.

Chifukwa chake mudzachiona nokha. Mphaka akalowa amanunkhiza, amazungulira, amakumba kadzenje, amanyonyomala, kenako amatembenuka kuti akwirire. M'beseni lothina zonsezi sizitheka. Amanyonyomala miyendo ili m'kati koma kumbuyo kuli kunja, inu n'kumati ndi mwano chonsecho malo ndi amene amuchepera.

Beseni lalitali losambitsira mwana wakhanda limakwana bwino kwambiri, ndipo lalikulu lochapiramo zovala lilinso bwino. Chigubu cha mafuta ophikira cha malita 20 chodula cham'litali chimathandiza kamwana ka mphaka, koma pakatha miyezi ingapo chimachepa. Mukachidula, palani m'mphepetemo kuti musatsale zosongoka. M'mbali mwa beseni mukhale masentimita 12 mpaka 15 kuti mchenga usamwazike. Kwa kamwana kapena mphaka wokalamba, dulani khomo lotsika mbali imodzi.

Chachiwiri, likhale losavundikira

Apa ndiye ndilimbikirepo. M'masitolo a m'tauni muli mabokosi okongola okhala ndi denga ndi kachitseko. Ine ndinagulapo limodzi. Mwezi wa Julaye mphaka wanga ankalowamo bwinobwino, koma Okutobala atafika anasiyiratu, nayamba kupita pakona ya chipinda chosungira mbewu. Tsiku lina masana ndinachotsa dengalo, ndipo mpweya umene unatulukamo unandiwawa m'maso. Ndinamvetsa pompo.

Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumapitirira madigiri 40. Mkodzo ukatenthedwa umatulutsa mpweya wa amoniya msanga, ndipo denga limausunga m'katimo. Mphuno ya mphaka imamva fungo kuposa yathu kutalitali. Bokosi lotseka limabisa fungo kwa inu n'kulisiyira iye.

Sankhani pulasitiki yolimba, yosalala m'kati. Beseni lamalata limachita dzimbiri ndi mkodzo, katoni imanyowa tsiku lomwelo. Pulasitiki nayo zikhadabo zikaikanda kwambiri imasunga fungo m'mizeremo, ndipo ikafika pamenepo gulani lina.

Chachitatu, mchenga

Mchenga tili nawo wambiri. Mtsinje wa Mwanza umakhala mchenga wokhawokha miyezi yambiri pachaka, ndi timitsinje tina chimodzimodzi. Tapani wosalala, wa timiyala tating'ono, pamalo pomwe sipadutsa ng'ombe kapena mbuzi. Usefeni kuti muchotse miyala ndi zinyalala, muuyanike mopyapyala palata masiku awiri padzuwa lathuli, mukuutembenuza. Mchenga wouma gwa umamwa mkodzo bwino, komanso dzuwa limachepetsa tizilombo tobwera nawo.

Dothi lakuda la makande lisalowemo. Likanyowa limasanduka phala lomata kumapazi, ndipo mudzapeza tizidindo pamphasa ndi pansalu zanu. Phulusa lokhalokha nalonso ayi, chifukwa mphaka amanyambita mapazi ake. Utuchi wa kwa akalipentala umathandiza kuchepetsa fungo mukausakaniza pang'ono ndi mchenga, bola usakhale wa matabwa othiridwa mankhwala a chiswe. Ngati mwasankha wogula m'sitolo, tengani wosanunkhiritsa, ndipo wamtundu woundana ukanyowa musaikire tiana, chifukwa timalawa chilichonse.

Thirani masentimita 5 mpaka 7, kuya kwake ngati zala zitatu kapena zinayi zogundizana.

Musanalowe mu Disembala, dzazani thumba limodzi kapena awiri a mchenga wouma, muike pamalo okwera. Mvula ikayamba mitsinje imadzaza ndipo mchenga wouma supezeka. Amene tinaona namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa kuti pabwalo pakhoza kukhala madzi ndi matope kwa masiku ambiri, mphaka osaona potulukira.

Chachinayi, angati ndipo aikidwe pati

Werengani amphaka anu, muonjezere limodzi. Amphaka awiri, mabeseni atatu, ndipo asakhale pamalo amodzi, poti wamphamvu amatha kutsekereza mnzake.

Malo akhale a mthunzi, opita mphepo, opanda phokoso, pomwe galu safika. Atalikirane ndi mbale yake ya chakudya, khitchini, ndowa ya madzi akumwa ndi matumba a mbewu. Ngati muli ndi mwana wokwawa, beseni likhale m'chipinda chomwe iye salowa. Mukapeza malo abwino musamalisunthesunthe.

Chachisanu, kumuzoloweza ndi kuyeretsa

Kamwana kakangodya kapena kudzuka, kanyamuleni mukaike m'beseni, mupalase mchenga ndi chala kuti kaone. Nthawi zambiri masiku ochepa amakwana, pakuti kukwirira n'chibadwa chake. Akaphonya musamumenye kapena kumukhutiza mphuno pamene waipitsapo. Amangophunzira kukuopani n'kumakabisala. Tsukani pamalopo ndi sopo mpaka fungo litheretu, apo ayi adzabwererapo.

Wolani chimbudzi ndi mchenga wonyowa tsiku lililonse, nyengo yotentha kawiri, m'mawa ndi madzulo. Chipande chakale chobooleredwa ndi msomali wotentha chimagwira ntchitoyi, ndipo chisabwererenso kukhitchini. Kuwola tsiku ndi tsiku kumateteza banja. M'chimbudzi cha mphaka mumatha kukhala kachilombo koyambitsa matenda a toxoplasmosis, ndipo kamayamba kupatsirana pakapita tsiku limodzi mpaka masiku 5. Kwa mayi woyembekezera kangavulaze mwana ali m'mimba, choncho ntchito imeneyi agwire wina pakhomopo. Aliyense wowola asambe m'manja ndi sopo.

Chimbudzicho tayani m'chimbudzi chokumba. Mchengawo kwirirani m'dzenje lakelake, kutali ndi chitsime, mjigo ndi dimba la masamba. Musauthire m'chimbudzi chamadzi, umatseka mapaipi.

Kamodzi pa sabata khuthulani wonse, mutsuke beseni ndi madzi otentha ndi sopo wamba, liume kaye musanathire wina. Mankhwala ophera majeremusi aja amene amayera ngati mkaka mukawathira m'madzi ndi poizoni kwa mphaka, musawayandikize.

Powola muziyang'ananso zomwe mukuwolazo. Mukaona magazi, njoka zam'mimba, kapena mphaka akulowa pafupipafupi n'kumakankha akulira koma mkodzo osatuluka, makamaka wamwamuna, musadikire kuti kuche. Njira ya mkodzo ikatseka amatha kufa m'masiku awiri kapena atatu, ndiye thamangani naye kwa alangizi a ziweto tsiku lomwelo.