Momwe mungafufuzire kakhalidwe ka maatomu m'galasi la borosilicate ndi NMR

Galasi la borosilicate ndi lija la mabotolo a mu labotale, losasweka wamba likatenthedwa. Otto Schott analipanga ku Jena, ku Germany, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo lero ku La Hague (France) ndi ku Sellafield (UK) amatsekeramo zinyalala za nyukiliya. Maatomu ake sakhala m'mizere yadongosolo, choncho X-ray sikuuzani zambiri. NMR (nuclear magnetic resonance), njira yoyezera maatomu ndi maginito komanso mafunde a wailesi, ndiyo imathandiza, chifukwa imaonetsa kuti atomu yagwirana ndi anzake angati.

Chomwe mukufuna kwenikweni ndi nambala imodzi, N4: pa maatomu onse a boroni, ndi angati agwirana ndi okosijeni anayi m'malo mwa atatu. Philip Bray wa ku Brown University anayamba kuyeza zimenezi mu 1958.

Yambani ndi galasilo. Sungunulani silika, boric acid ndi sodium carbonate m'kachikho ka platinamu pa madigiri a Celsius oposa 1,300. Boroni ndi sodiyamu zimathawa ndi kutentha, ndiye musakhulupirire zomwe munayeza pa sikelo. Yezaninso zomwe zili m'galasilo likapsa. Lembani mmene mwaliziziritsira, pakuti lozizira mofulumira limakhala ndi N4 yotsikirapo.

Kenako lisinjeni m'kamtondo ka agate mpaka likhale ufa, ndipo ufawo usaone chinyezi. Upakireni mothina m'kachubu ka zirconia ka mamilimita 4 kapena 3.2. M'kati mwa maginito wa makina a NMR kachubuko kamapendekeka madigiri 54.7 n'kumazungulira ngati nguli, maulendo oposa 10,000 pa sekondi. Mukapakira mopendama sikazungulira.

Yambirani pa mtundu wa boroni wotchedwa boroni-11. Ndi gawo 80 pa 100 la boroni yense ndipo imayankha m'mphindi zochepa. Pezani maginito wamphamvu, matesla 11.7 kapena 14.1, kuti zizindikiro za mitundu iwiri ya boroni zitalikirane pa chithunzi cha NMR: boroni wa okosijeni anayi amatuluka wosongoka pafupi ndi 0 ppm (muyeso wa malo a chizindikiro pa chithunzicho), wa atatu amatambalala cha pakati pa 10 ndi 20 ppm.

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Mitundu iwiriyi siyankha mofanana pa pulse (kaphuliphuli ka mafunde a wailesi komwe makina amatumiza) yaitali, ndiye gwiritsani yaifupi kwambiri, apo ayi N4 yanu ikhala yabodza ngakhale chithunzi chikongole bwanji. Chinanso, zida zambiri zili ndi boron nitride m'kati mwake, ndipo boroni wake amaonekanso pa chithunzi. Yezani kachubu kopanda kanthu ndi makonzedwe omwewo, muchotsere. Anthu amachita ulesi ndi sitepe imeneyi, koma ine zotsatira zopanda iyo sindizikhulupirira.

Silikoni-29 njofuna mtima wodekha. Ndi 4.7 pa 100 yokha ya silikoni yense ndipo imachedwa kubwerera m'malo ikalandira pulse, mwakuti makina angagone akuyeza. Ena amathira tikobalti kapena gadolinium pang'ono posungunula kuti zifulumire. Okosijeni-17 ingoisiyani ngati ndalama zili zochepa.

Pomaliza gawani zizindikirozo pa kompyuta. Pulogalamu ya Dmfit ya Dominique Massiot wa ku Orléans ndiyo ambiri amagwiritsa ntchito. N4 yanu muiyerekeze ndi ndondomeko ya Dell ndi Bray ya 1983, yomwe imati sodiyamu akakhala wochepa, N4 imafanana ndi kuchuluka kwa Na2O (sodium oxide) pogawa ndi B2O3 (boron oxide). Ngati m'galasi mwanu muli aluminiyamu, yembekezani nambala yotsika, chifukwa iye ndiye amayamba kulanda sodiyamuyo.