Momwe mungadziwire ngati wailesi yakondera pofotokoza za mtsutso wa chisankho

Mverani kaye mtsutso wonse, kope ndi foni zili pafupi. Lembani funso lililonse, amene wayankha, ndi mphindi zomwe wapatsidwa. Mukadalira tizidutswa ta pa WhatsApp mwasochera kale, chifukwa wodula kanemayo amasiya funso n'kukupatsani yankho lokha.

M'mawa mwake mverani nkhani pa wailesi zitatu: MBC, Zodiak, ndi ina ya konkuno ku Zomba monga YONECO FM. Werengani masekondi. Ngati wina wamveka masekondi 40 ndi mawu akeake, pomwe mnzake wangotchulidwa ndi wowerenga nkhani m'chiganizo chimodzi, pali kukondera ngakhale onse awiri atchulidwa. Onaninso amene ayamba naye, poti ambiri amangomva mitu yankhani n'kupita kumsika.

Kukondera kwambiri kumabisala m'mawu ang'onoang'ono. "Wati" ndi mawu osatenga mbali. "Wadzitama", "wazemba funso" kapena "wavomereza" ndi chigamulo cha mtolankhani. Katswiri wa ndale amene afunsidwa maganizo, kaya ndi mphunzitsi wa ku Chanco (University of Malawi), mufufuzeni ngati ali ndi mbali. Akakhala yemweyo tsiku lililonse, wailesiyo ikuchita ulesi kapena ikuchitira dala.

Tsiku limodzi silikwanira. Tsatirani sabata yathunthu. Kopelo muonetse mnzanu wa chipani china, chifukwa khutu limakonda kumva zoipa za chipani chomwe mumadana nacho kale.

Dandaulo la wailesi kapena kanema lipite ku MACRA (bungwe loyang'anira mawailesi ndi makanema), la nyuzipepala ku Media Council of Malawi. Lembani tsiku, nthawi, dzina la pulogalamu ndi mawu enieni omwe anenedwa.