Foni ikakana kulowa moto, yambirani kunja musanaitsegule

Kuno kunyanja mafoni amavutika ndi mchenga, chinyezi komanso kutentha. Kaya muli ku Senga Bay, ku Chipoka kapena pa Kamuzu Road, foni ikakana kutchaja musathamangire kugula batire kapena kuuza mmisiri kuti asinthe charging system. Nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono, losafuna ndi sikuludiraiva yomwe.

Yambani ndi USB ndi mutu wa tchaja. Bwerekani zomwe zikugwira bwino pa foni ina, musinthe chimodzichimodzi: USB kaye, kenako mutu. USB imaduka mkati pamene imapindikira, kunja ikuoneka yabwinobwino. Ngati mumatchaja pa sola, kayeseni pa magetsi a ESCOM, chifukwa batire ya sola ikatsika kufika cha m'ma 11V, controller, kachipangizo koyang'anira moto wa sola, imadula moto. Ndipo musalumikize foni pa batire ya 12V popanda chotsitsa mphamvu. Foni imafuna 5V, ndipo 12V yosatsitsidwa ikhoza kupsereza bolodi, kathabwa ka mkati mwa foni komwe kali ndi tizipangizo ta magetsi.

Zikakanika, zimitsani foni muunike ndi tochi pakabowo kotchajira. USB ikamalowa theka, ikamagwa yokha, kapena ikamatchaja pokhapokha mwaipendeketsa, dziwani kuti mkatimo mwadzaza. Mchenga ndi ulusi wa m'thumba zimaumbana, ndipo nthawi iliyonse mukalowetsa USB mumazitsendera mpaka zimalimba ngati njerwa. Tengani kamtengo kotokosera m'mano, mukasongole kakhale kopyapyala, muzikokera zinyalalazo kunja pang'onopang'ono motsatira m'mbali. Pakati pali kalilime komwe kali ndi mapini, kameneko musakakankhe. Singano ndi phini ayi ndithu: chitsulo chimapinda mapini ndipo chikhoza kuchititsa shoti. Mukatha, nyowetsani mswachi wouma ndi timadontho tiwiri ta isopropyl alcohol (spiriti yoyera yotsukira zamagetsi), mutsuke, mudikire mphindi 10. Koma spiriti wamba yothiridwa utoto ija imasiya zotsalira, ndiye isiyeni.

Foni ikagwera m'madzi kapena ikanyowa m'bwato, musaiike pa tchaja n'komwe. Moto ukakumana ndi madzi, mapini amachita dzimbiri lobiriwira msangamsanga. Mafoni ena a Samsung amaonetsa chizindikiro cha dontho la madzi n'kukana okha kutchaja. Pamenepo foni ikudziteteza, siinafe. Zimitsani, chotsani kava ndi SIM, muiike pamthunzi popita mphepo tsiku lathunthu. Mpunga suchotsa madzi a mkati, umangowonjezera fumbi m'kabowo.

Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kokha kumaletsa foni kutchaja. Batire ya lithium siyenera kutchajidwa ikapitirira madigiri 45, choncho foni imachepetsa kapena kudula moto. Vulani kava, muiike pa simenti pozizira, osati mu furiji. Ngati inatheratu moto n'kukhala masiku, isiyeni pa tchaja yabwino mphindi 30 ngakhale sikirini ikhale yakuda.

Kuyambira pano mpofunika multimeter, chipangizo choyezera mphamvu ya magetsi, ndi dzanja lozolowera. Mukatsegula foni, chotsani kaye cholumikizira batire musanakhudze china chilichonse. Batire yabwino imawerenga pakati pa 3.6V ndi 4.4V. Ikatsika pansi pa 3V yatheratu, ndipo mwina singadzukenso. Yotupa, yomwe ikukankha chivindikiro kapena sikirini, isinthidwe basi. Musaiboole kapena kuipinda poichotsa, imayaka.

Pa mafoni ambiri a Tecno, Infinix ndi Samsung a mtundu wa A, kabowo kotchajira kali pa kabolodi kakang'ono kam'munsi kolumikizidwa ku bolodi yayikulu ndi flex, kalamba kopyapyala kodutsamo moto. Lowetsani tchaja wamba, muyeze pa pini ya VBUS, yomwe imalowetsa moto wa tchaja, pa kabolodiko. Ngati 5V palibe, kabowo kapena kabolodi kafa. Ngati ilipo koma siikufika pa bolodi yayikulu, flex yaduka kapena yasomphoka. Yesani kuibwezeretsa bwino musanagule ina. Pogula kabolodi, tengani ka nambala ya modelo yeniyeni ya foni yanu. Maikolofoni imakhala pomwepo, ndipo kabolodi kongofanana kamatha kukusiyani mukutchaja bwino koma anthu osakumvani pa foni.

Pa mafoni omwe kabowo kanawotcheredwa pa bolodi yayikulu, kusintha kumafuna hot air (chowotcherera cha mpweya wotentha), flux (mankhwala othandiza kuwotcherera) ndi luso, chifukwa kutentha kukachuluka timisewu ta pa bolodi timasupuka. Kabowo kakale ka Micro-USB kali ndi mapini 5 okha, pomwe katsopano ka Type-C kathunthu kali ndi 24, choncho Type-C si yophunzirirapo. Ngati 5V ikufika pa bolodi yayikulu, batire ili bwino, koma foni siikukoka moto, kaikirani charging IC, kachipangizo ka pa bolodi koyendetsa kutchaja. Imeneyo pitani nayo kwa mmisiri amene ali ndi microscope.

Musanaisiye kwa mmisiri, chotsani SIM ndi memory card, ndipo PIN ya Airtel Money kapena Mpamba musampatse, ntchitoyi siifuna zimenezo. Mufunseni akuonetseni kachipangizo kakale komwe wachotsa, ndipo muone foni ikukwera maperesenti pamaso panu musanalipire.